ZITSULO ZA PA LIWONDE NDI PA NKAYA ZIFUNA OZIPIMA

M'maboma a Machinga ndi Balaka muli zitsulo zimene zasenza dziko lino la Malawi, ngakhale kuti anthu owerengeka okha ndiwo amaziganizira. Pa Liwonde pali zitseko 14 za Kamuzu Barrage, zimene zimagawa madzi a mtsinje wa Shire kuti makina opangira magetsi a pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira asaime. Pa Nkaya pakumana njanji zochokera ku Blantyre, ku Salima, ku Moatize ndi ku Nacala. Pa Phombeya pali malo aakulu ogawira magetsi, ndipo kuchokera pamenepo nsanja zachitsulo zandandalika kupita ku Nkhoma. Zonsezi zinadya ndalama zambiri pozimanga, ndipo anthu anakondwera poziona zitatha. Koma ntchito imene imatsala chikondwerero chikapita njopanda ng'oma ndi nthungululu: ndiyo ya kupima chitsulo chaka ndi chaka, kuti dzimbiri ndi ming'alu zidziwike zisanabale ngozi.

Makono ano kuli zipangizo zogwira ntchito imeneyi ndi mphamvu ya maginito ndi magetsi, ndipo zina mwa izo ndi timakina timene timakwawa tokha pa chitsulo, tikumapima pamene tikupita. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma ayenera kuimvetsa nkhani yake, pakuti tsiku lina kalata yopempha ndalama zogulira zipangizo zotere idzafika pa desiki la mmodzi wa iwo, ndipo nkofunika kuti adziwe chimene akuvomera kapena chimene akukana. Zipangizozi zifunikadi m'dziko muno. Koma zidzapindulitsa pokhapokha pakakhala Amalawi odziwa kuzigwiritsa ntchito, nthawi yoikika ya kupimira, ndi buku la Boma lolembamo zonse zimene zapezeka.

MATENDA AWIRI A CHITSULO

Chitsulo chili ndi matenda awiri. Oyamba ndi dzimbiri, limene mwana aliyense amalidziwa poona khasu logonera panja. Madzi ndi mpweya zikakumana pa chitsulo chopanda penti, chitsulocho chimayamba kudyeka, ndipo chimene chinali chochindikala chimanka chipyapyala. Dzimbiri limakonda malo obisika: kuseri kwa mabawuti, m'makona mosungika matope, ndi pa mzere umene madzi amakwera ndi kutsika.

Matenda achiwiri ndiwo oopsa koposa, ndipo akatswiri amawatcha kutopa kwa chitsulo. Munthu wofuna kudula waya popanda pulayala amangomupinda uku ndi uku kufikira ataduka. Njanji nayo imapindika pang'ono nthawi iliyonse pamene gudumu lapita pamwamba pake, ndi kuwongokanso gudumulo likadutsa. Malo amene gudumu la sitima limagunda njanji ndi aang'ono ngati kandalama kachitsulo, koma pa kamalo kameneko pamatsikira kulemera kwa matani ambiri. Kupindikaku kukachitika kambirimbiri, pamabadwa kamng'alu kochepa ngati tsitsi, kamene kamakula mwakachetechete kufikira tsiku limene chitsulo chimathyoka mwadzidzidzi, kunja kwake kukali kosalala ndi konyezimira.

Maiko olemera anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1911 sitima ina inagwa pa Manchester, m'chigawo cha New York ku America, ndipo anthu 29 anafa. Ofufuza anapeza kuti njanji inali ndi mng'alu m'kati mwake umene maso sakanatha kuuona. Pa 15 December 1967 mlatho wa Silver Bridge pa mtsinje wa Ohio unagwa pamodzi ndi magalimoto, ndi kupha anthu 46, chifukwa cha mng'alu wosakwana mamilimita atatu pa chitsulo chimodzi chokha cha unyolo wonyamula mlathowo. Ngozi imeneyo ndiyo inachititsa kuti America aike malamulo a kupima milatho yake nthawi ndi nthawi. Pa 17 October 2000, pa Hatfield ku England, njanji yotopa inaphwanyika zidutswazidutswa pansi pa sitima yothamanga, ndipo anthu anayi anafa. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mau amenewa akwanira bwino pa chitsulo.

Njira yakale yopimira inali ya maso ndi khutu. Mayi wogula mbiya pa msika amaigogoda ndi chala; ikalira bwino amadziwa kuti njamoyo, ikalira mogontha amaibweza. Anthu a pa njanji ankachita chimodzimodzi ndi nyundo, pogogoda magudumu a mabogi sitima ikaima pa siteshoni. Njira imeneyi inapulumutsa anthu ambiri ndipo siyenera kunyozedwa, koma imagwira mng'alu umene wakula kale. Wochepa uja, amene akanachizika mosavuta, imamphonya.

NZERU YA A FARADAY

Maziko a njira yatsopano anaikidwa zaka pafupifupi 200 zapitazo. Mu 1820 a Hans Christian Oersted a ku Denmark anaona kuti magetsi oyenda m'waya amagwedeza singano ya kampasi, ndiye kuti magetsi amabala maginito. Mu 1831 a Michael Faraday a ku London anaonetsa kuti nkhaniyi imabwereranso m'mbuyo: maginito oyenda kapena osinthasintha mphamvu pafupi ndi waya amabala magetsi m'wayamo, ngakhale kuti ziwirizo sizinagundane. Chimenechi ndicho a sayansi amachitcha induction. Dayinamo ya njinga imene imayatsa nyale gudumu likamazungulira imagwira ntchito ndi nzeru imeneyi. Makina a pa Nkula amene amazunguzidwa ndi madzi a Shire ndi dayinamo yomweyo yakula msinkhu, ndipo mathiransifoma a pa Phombeya amakweza ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi mwa lamulo lomwelo.

Nanga pamalo pa waya pakakhala chitsulo chathyathyathya, magetsi obadwawo amapita kuti? Alibe msewu umodzi woti atsate, chotero amangozungulira m'chitsulomo ngati kamvuluvulu. A Léon Foucault a ku France anaonetsa zimenezi mu 1855, ndipo pa Chingerezi timagetsi tozungulirati amatitcha eddy currents. Tikamvuluvuluti natonso timabala maginito akeake, ndipo monga a Heinrich Lenz anafotokozera mu 1834, maginito amenewa amalimbana ndi kusintha kumene kwawabala. Mphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi popanda labotale: akaponya kamaginito kamphamvu m'paipi ya kopa yoimirira, kamatsika pang'onopang'ono ngati kagwera mu uchi, ngakhale kuti kopa samamatira maginito.

Kupima kumachokera pomwepa. Wopima amayendetsa pamwamba pa chitsulo kakoyilo, ndiye kuti waya wokulunga kambirimbiri, mmene mukuyenda magetsi osinthasintha. Kakoyiloko kamadzutsa tikamvuluvulu m'chitsulo, ndipo tikamvuluvuluto timayankha ndi kukankha kwake. Chitsulo chikakhala chamoyo, yankho limakhala lofanana paliponse. Koma pakakhala mng'alu, timagetsito timaulambalala monga madzi alambalala mwala, yankho limasintha, ndipo chipangizo chimaonetsa kusinthako pa galasi lake. Ubwino wake ngwakuti sipafunika kupala penti, kapena kuboola, kapena kudula kanthu. A David Hughes anayamba kusiyanitsa zitsulo mwa njira yonga imeneyi mu 1879, ndipo a Friedrich Förster a ku Germany anapanga zipangizo zimene mafakitale anazilandira itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa njanji, a Elmer Sperry a ku America anatulutsa mu 1928 ngolo yopimira, imene inkalowetsa magetsi amphamvu m'njanji ndi kumvetsera ndi makoyilo pamene maginito ake apotoka. Chotero luso limeneli silachilendo ayi. Maiko ena akhala nalo kwa zaka pafupifupi 100.

TIMAKINA TOKWAWA PA CHITSULO

Chatsopano nchakuti kukankha kuja kungathenso kuyendetsa chipangizo chopimiracho. Makoyilo angapo akandandalikidwa pa mzere, ndipo magetsi akamalowa m'menemo motsatizana, maginito amayenda kuchokera ku koyilo ina kupita ku inzake ngati funde la pa nyanja. Fundelo limakoka chitsulo chimene chili pansi pake. Chitsulocho chikakhala chomangika, monga khoma la thanki, ndiye kuti chimene chimasuntha ndi makoyilo aja pamodzi ndi kamakina kamene kawanyamula. A Eric Laithwaite a ku England anatchuka ndi ntchito imeneyi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo njira yosavuta yoimvetsera ndiyo kuganizira mota ya chigayo imene yang'ambidwa ndi kuyalidwa ngati mphasa: m'malo mozungulira, imayenda molunjika.

Akatswiri a pa yunivesite ya Cornell ku America anafufuza m'zaka zotsatira 2010 za kamakina koti kaziyenda mwa njira imeneyi kunja kwa International Space Station, nyumba ija ya ofufuza imene imazungulira dziko m'mlengalenga. Makoma ake ambiri ndi a aluminiyamu, amene samamatira maginito, koma tikamvuluvulu timabadwamo bwino lomwe. Kamakinako kangathe kukankhika ndi kukhota popanda kugunda khoma ndi popanda kutentha mafuta. Koma owerenga azindikire kuti m'mlengalenga zinthu zimangoyandama, ndipo kukankha kochepa kumakwanira. Pansi pano kamakina kofuna kukwera khoma kayenera kunyamula thupi lake lomwe, ndipo mphamvu ya tikamvuluvulu yokha imachepa, imadya magetsi ambiri, ndiponso imatenthetsa makoyilo. Nchifukwa chake timakina toyenda mosagunda chitsulo tikali ntchito ya m'malabotale makamaka.

Timene tili pa msika ndi kugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ta mtundu wina. Tili ndi magudumu a maginito, amene amamatira pa chitsulo wamba monga nalimata amamatira pa khoma, ndipo timayendetsedwa ndi timota ting'onoting'ono. Munthu amaima pabwino ndi chowongolera, ndipo kamakinako kamakwera thanki, paipi, chombo kapena mlatho, katanyamula kamera ndi zopimira. Popeza zitseko za baraji, njanji ndi nsanja za magetsi zonse nza chitsulo chomatira maginito, mtundu umenewu ndiwo ukhudza Machinga ndi Balaka. Wogwira ntchito m'Boma amene adziwa kusiyana kwa mitundu iwiriyi sadzanyengeka ndi wamalonda wobwera ndi zithunzi zokongola.

Chinanso choti adziwe nchakuti tikamvuluvulu sitilowa patali. M'chitsulo wamba timathera pa khungu, kawirikawiri m'kati mwa milimita imodzi. Chotero njira imeneyi njabwino pogwira ming'alu yoyambira pamwamba, monga ija inaphwanya njanji ya pa Hatfield, ndi ya m'mbali mwa malo owotcherera. Pofuna kuona m'kati mwenimweni, kapena kuyeza ngati chitsulo chapyapyala, akatswiri amatumiza mau osamveka ndi khutu la munthu, amene amabwerera akagunda mng'alu. Ndi nzeru yomweyo imene achipatala amaunikira nayo amayi oyembekezera. Njira yachitatu ndiyo kudzaza chitsulo ndi maginito ndi kufunafuna pamene maginitowo akuthawira kunja, pakuti amathawira pamene dzimbiri ladya. Wopima wodziwa ntchito amaphatikiza njira zimenezi, monga dokotala sadalira chipangizo chimodzi.

ZITSEKO ZA PA LIWONDE

Kufunika kwa baraji ya pa Liwonde kumamveka bwino munthu akakumbukira mbiri ya Shire. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kotero kuti mtsinje unaleka kutuluka m'nyanjamo. Dziko lofuna kudalira magetsi a m'madzi silikanatha kungokhala chete ndi kuyembekeza mvula. Baraji inatha kumangidwa mu 1965, ndipo chaka chotsatira, 1966, makina oyamba a pa Nkula anayamba kugwira ntchito. Itagwira ntchito zaka pafupifupi 50, Boma linachita mwanzeru poikonzanso ndi chithandizo cha World Bank m'zaka za pakati pa 2014 ndi 2018: zitseko zatsopano zinaikidwa, mlatho watsopano wa magalimoto unamangidwa, ndipo anaikanso chotchingira namasupuni ndi zinyalala zina zimene zimatseka makina a magetsi kumunsi.

Zitseko zimenezi zimakhala m'madzi usana ndi usiku, zikukankhidwa ndi mtsinje, zikukhulidwa ndi mchenga ndi mitengo yokokoloka. Ntchito yake imaoneka pa nthawi ziwiri zovuta. Pa chilala, monga m'zaka za 2016 ndi 2017 pamene nyanja inatsika ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri, zitseko ziyenera kusunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyeso. Pa madzi ambiri, monga mu 2024 pamene nyanja inakwera ndi kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake ku Mangochi, ziyenera kumvera lamulo la oyang'anira, amene amayeza mavuto a anthu a kumtunda pamodzi ndi a anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Chitseko chimene chakana kutseguka kapena kutsekeka pa tsiku lotere chimalanda Boma mphamvu yosankha. Ndipo dziko likukumbukira mmene linavutikira pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira mu January 2022, ndi kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Kupima chitseko chotere ndi manja kumafuna kuti madzi atchingidwe, kapena kuti munthu amire pansi pa madzi akuda a Shire, mmene ng'ona ndi mvuu za pa Liwonde zimadziwika bwino. Apa ndi pamene kamakina ka magudumu a maginito kali ndi phindu loonekeratu, pakuti kangathe kupita kumene mwana wa munthu sayenera kutumidwa.

NJANJI YA NKAYA NDI NAYUCHI

Njanji yochokera ku Blantyre kudzera pa Balaka inafika ku Salima mu 1935. Ya pa Nkaya kupita ku Nayuchi, ya makilomita pafupifupi 100, imene imaoloka Shire pa Liwonde, inatsegulidwa mu 1970 ndi kupatsa dziko njira yopita ku doko la Nacala. Mu 1999 Boma linabwereketsa njanji za m'dziko muno ku kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku Moatize kudzera ku Mwanza ndi Neno kufikira pa Nkaya, ndi kukonzanso ya ku Nayuchi, kuti malasha ayende makilomita 912 kukafika ku nyanja yamchere. Njirayi inakonzedwa kuti izinyamula matani 18 miliyoni a malasha pa chaka. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji ku kampani ya Vulcan.

Sitima za malasha zimakoka mabogi oposa 100, ndipo bogi lililonse limapinda njanji ndi magudumu ake onse. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'mwezi wa October kumafutukula chitsulo, kuzizira kwa usiku wa June kumachikoka, ndipo malo owotcherera amamva zonsezi. Pa njanji yomweyo pamadutsa feteleza, tirigu ndi mafuta, ndipo sitima ya anthu yakhala ikutumikira midzi ya pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi imene misewu yake imavuta m'dzinja. Anthu a ku Balaka akudziwa mtengo wa mlatho umodzi: mu January 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa sitima wa pa Rivirivi, ndipo njira yopita ku Salima ndi Lilongwe inaduka kufikira 2005. Uwo unagwa ndi madzi, osati ndi mng'alu, koma phunziro lake ndi limodzi: njanji ndi unyolo, ndipo ikaduka pamodzi yaduka yonse.

ZIMENE OTSUTSA AMANENA

Ena adzati njanji ili m'manja mwa kampani, ndipo kupima ndi nkhani ya kampaniyo. Nzoona kuti kampani yonyamula katundu wolemera chotere ili ndi chifukwa chachikulu chosamalira njanji, pakuti sitima ikagwa imaluza ndi iyo. Koma njanji ili pa nthaka ya Malawi, anthu okhala m'mbali mwake ndi Amalawi, ndipo makampani amabwera ndi kupita, monga zaonekera kale pa njira yomweyi. Mwini munda amene wabwereketsa munda wake saleka kukauyendera. Boma, monga mwini, liyenera kukhala ndi anthu ake odziwa kuwerenga malipoti a kupima, ndi odziwa kupita pa njanji ndi chipangizo chawo kukatsimikiza. Ofesala amene amangolandira pepala limene sangathe kulimasulira sakuyang'anira kanthu.

Ena adzati zitseko za pa Liwonde nzatsopano, nanga changu nchachiyani? Yankho nlakuti kupima kumapindula poyerekeza. Chiwerengero cha chaka chino chimalankhula pokhapokha chikaikidwa pambali pa cha zaka zisanu zapitazo. Chitsulo chikapimidwa chikali chatsopano, oyang'anira amadziwa liwiro limene chikudyekera, ndipo angathe kuuza a ku Treasury zaka zingapo zisanafike kuti penti kapena chitseko chidzafunika liti. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ena adzati ndalama nzochepa, ndipo zipatala ndi masukulu zikudikira. Mau amenewa ngolemera ndipo sayenera kukankhidwa. Koma chipatala chimene chikudikiracho chimayendera magetsi a Shire, ndipo feteleza wa mlimi amakwera mtengo njanji ikaduka. Ndiponso palibe chifukwa choyambira ndi chipangizo chodula koposa. Chopimira cha m'manja ndi kangolo kokankha pa njanji nzokwanira poyamba, ndipo mtengo wake ngochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa chitseko chimodzi kapena bogi limodzi. Timakina tokwawa tingabwere pambuyo, pa malo okhawo amene munthu sangafike, ndipo tingathe kukhala ta onse: a zamadzi, a EGENCO, a ESCOM ndi a Roads Authority, m'malo moti nthambi iliyonse igule kake ndi kukatsekera m'kabati.

Enanso adzaopa kuti makina adzalanda ntchito za anthu oyendera njanji. Mantha amenewa ngopanda maziko. Kamakina sikadziwa kuti madzi akukumba pansi pa mlatho, kapena kuti akuba amasula mabawuti a nsanja ya magetsi, kapena kuti ana akusewera pa njanji. Zimenezi zimaoneka ndi munthu woyenda pansi, wodziwana ndi mafumu ndi anthu a m'midzi. Ndiponso chipangizo chimanama: penti wochindikala, dzimbiri lofufuma, kapena kakoyilo kopendekeka zingathe kuonetsa mng'alu pamene palibe, kapena kubisa umene ulipo. Wosiyanitsa choona ndi chonama ndi munthu wophunzitsidwa ndi woyesedwa mayeso.

PHIRI LA KANGANKUNDE NDI KALASI YA SAYANSI

Pali chinthu china chimene anthu a ku Balaka ayenera kuchidziwa. Maginito amphamvu amene ali m'magudumu a timakina tija, m'mamota a magalimoto a magetsi ndi m'makina opanga magetsi ndi mphepo, amapangidwa ndi chitsulo chosowa chotchedwa neodymium, ndipo anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Phiri la Kangankunde m'boma la Balaka lili ndi miyala ya monazite, mmene muli neodymium ndi mnzake praseodymium, ndipo kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inalowa pa malowa mu 2022. Chingachitike nchakuti mwala wa pa Kangankunde udzakwere sitima pa njanji ya Nacala, ukasanduke maginito kutsidya kwa nyanja, ndi kubwerera pa Liwonde m'chikwama cha mlendo amene adzalipidwa ndalama zakunja kuti apime zitseko. Ulendo wa mwalawo dziko silingathe kuuletsa lero. Koma chikwamacho chingathe kukhala cha mnyamata kapena mtsikana wa ku Ulongwe, ku Utale kapena ku Ntaja.

Apa mpamene aphunzitsi alowa. Nzeru ya a Faraday ili kale m'maphunziro a sayansi a ku sekondale, koma ana ambiri amailoweza ngati ndime ya mayeso, osadziwa kuti ili pa khomo pawo. Mphunzitsi wa ku Liwonde kapena ku Balaka ali ndi mwayi umene anzake a m'maboma ena alibe, pakuti baraji, njanji ndi thiransifoma zili pafupi ndi sukulu yake. Dayinamo ya njinga yakale, maginito a m'sipika yakufa ya wailesi, waya wa kopa ndi kababu ka tochi nzokwanira kuti mwana aone ndi maso ake magetsi akubadwa popanda batire. Mwana woona zimenezi akadzafika ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, kapena ku sukulu ya zaluso ya pansi pa TEVETA, sadzaona kupima chitsulo ngati matsenga a Azungu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amanena za migodi ndi mafakitale. Ndipo palibe fakitale, mgodi kapena thanki ya mafuta imene ingayende popanda opima chitsulo.

ZOYENERA KUCHITIKA

Zofunika nzinayi, ndipo palibe chimene chili chopitirira mphamvu ya dziko lino. Choyamba, chitsulo chilichonse chachikulu cha Boma, chikhale chitseko, mlatho kapena nsanja, chikhale ndi tsamba lake m'buku limodzi, lonena tsiku limene chinapimidwa, amene anapima, njira imene anatsata, ndi zimene anapeza. Ndipo ofesala akasamutsidwa, bukulo litsale. Chachiwiri, ndalama za kupima zikhale ndi mzere wakewake m'bajeti ya nthambi iliyonse, kuti zisamezedwe ndi mafuta a galimoto ndi misonkhano ya ku nyanja. Chachitatu, pangano lililonse limene Boma lipangana ndi kampani yomanga kapena yoyendetsa njanji linene momveka kuti malipoti a kupima adzaperekedwa ku Boma, ndi kuti Amalawi adzaphunzitsidwa pa ntchitoyo. Chachinayi, a Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi mayunivesite akonze njira yoyesera opima ndi kuwapatsa ziphaso zovomerezeka kunja, kuti siginecha ya Mmalawi pa lipoti ikhale ndi kulemera.

Mbadwo wa 1965 ndi 1970 unamanga baraji ndi njanji dziko likali losauka koposa lero, ndipo zimene unamanga zatumikira anthu zaka zoposa 50. Mbadwo uno walandira zitsulo zimenezi zitakonzedwanso. Mbiri sidzaufunsa kuti unagula timakina tingati. Idzaufunsa ngati zitseko za pa Liwonde zinatseguka pa tsiku limene zinafunika, ndi ngati sitima yochoka pa Nkaya inafika ku Nayuchi ndi anthu ake onse.